Agogo Akaiwala, Ife Tiwakumbukire



Mu Buku Loyamba la maphunziro athu tinakambirana za moyo ndi imfa, ndipo tinaphunzira kuti mzimu wa munthu sufa thupi likafa. Kapepala kano kakubweretsa phunziro lomwelo pakhomo pathu. M'midzi ya kuno ku Kasiya, ku Nsaru, ku Kabudula, ku Nambuma, mpaka ku Namitete ndi ku Mpingu, muli mabanja amene akusamalira agogo amene ayamba kuiwala mayina a ana awo, njira ya kumunda, ngakhalenso mbiri ya moyo wawo. Achipatala amawatchula matendawa kuti dimenshiya. Ambiri a ife timangoti agogo asokonekera mutu, kapena abwerera ku umwana. Ena amanena mawu oipa kuposa amenewa, ndipo mawu otero aphetsapo anthu m'dziko lathu lino.

Tikufuna kumvetsa zinthu zitatu: chimene chikuchitika mu ubongo wa munthu wotere, chimene chikuchitikira mzimu wake, ndi chimene ife tikuyenera kuchita. Tiwerenge mokweza mosinthana, ndime imodzi imodzi, ndipo tikafika pa mafunso tiime, aliyense alankhule.

GAWO 1: ZIMENE TIMAONA PAKHOMO

Matendawa sabwera mwadzidzidzi ngati malungo. Amalowa mwakachetechete, ndipo nthawi zambiri a pabanja amazindikira patapita miyezi yambiri. Poyamba agogo amafunsa funso limodzi kangapo m'mawa umodzi. Amabisa ndalama pansi pa mphasa, n'kuiwala, kenako n'kunena kuti mdzukulu waba. Amadya nsima bwinobwino, koma mbale zisanatsukidwe n'komwe amauza mlendo kuti kuyambira m'mawa sanalawe kanthu, ndipo mpongozi amene waphika uja amagwidwa manyazi.

Pakapita nthawi amasochera panjira ya kudimba imene ayendamo zaka 50. Mwana wawo wamkazi amamutchula kuti amayi. Dzuwa likapendeka amamanga kamtolo n'kunena kuti akupita kwawo, chonsecho ali pakhonde la nyumba imene anamanga okha. Bambo amene anabwera pachikamwini ali mnyamata amafuna njira ya kumudzi kwa amayi ake, ndipo mayi amene anabwera pachitengwa amafunsa ngati mango apsa kwa makolo ake.

Chimene chimatizunguza mutu ndi ichi: agogo omwewo, ukawafunsa za kale, amafotokoza mmene anapitira ku Joni ndi Wenela, dzina la kapitawo wawo, ndi mapaundi amene anagulira njinga yawo yoyamba. Pamenepo wina amati, “Akuchita dala. Za makedzana akukumbuka, nanga za m'mawa uno aiwala bwanji?” Funso limeneli lili ndi yankho, ndipo tikalidziwa yankho lake mtima wathu umafewa.

Tisiyanitsenso kuiwala kwa masiku onse ndi matenda. Tonsefe timaiwala pamene taika khasu, ndipo munthu akamakula amachedwa kukumbukira dzina. Chimene chimasonyeza matenda ndi kuiwala kumene kukukulirakulira mpaka munthu kulephera zinthu zimene ankazichita bwino, monga kuphika, kuwerenga ndalama, kuvala, ndi kubwerera kunyumba. Anthu ambiri amafika zaka 90 nzeru zawo zili gwa. Choncho dimenshiya si ukalamba chabe ayi, ndi matenda.

Mafunso: Kodi ndi mawu ati amene timamva m'mudzi mwathu onena za munthu wokalamba amene wasokonekera? Ndi ati mwa mawuwa amene amamupatsa ulemu, ndipo ndi ati amene amamuika pachiswe?

GAWO 2: ZIMENE ZIKUCHITIKA MU UBONGO

Chiphunzitso chathu chimati sayansi ndi chipembedzo ziyenera kuyendera limodzi, ndipo chipembedzo chokana nzeru chimasanduka zikhulupiriro zopanda maziko. Ndiye tiyeni timve kaye zimene madokotala anapeza.

Ubongo wa munthu wamkulu sufika n'komwe kilogalamu imodzi ndi theka, koma muli timaselo pafupifupi 86 biliyoni tolumikizana ngati mizu ya udzu. Chilichonse chimene timakumbukira chimasungika m'malumikizano amenewa. Timaseloti tikamafa, malumikizano amaduka, ndipo zimene zinasungikamo zimavuta kuzipeza.

Mu 1901, mumzinda wa Frankfurt ku Germany, dokotala wina dzina lake Alois Alzheimer analandira mayi wa zaka 51, Auguste Deter, amene ankaiwala zinthu, ankakayikira mwamuna wake popanda chifukwa, ndipo ankalephera kumaliza kulemba dzina lake. Mayiyu atamwalira mu 1906, dokotalayo anayeza ubongo wake ndipo anapeza kuti unali utafota. Pakati pa timaselo panali timibulu ta zinthu zoundana, ndipo m'kati mwa timaselomo munali tiulusi topiringizana. Matendawa anapatsidwa dzina la dokotalayo, ndipo lero tikudziwa kuti mwa anthu 100 alionse odwala dimenshiya, 60 kapena 70 amakhala ndi matenda a Alzheimer.

Pali zoyambitsa zinanso. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikatsekeka kapena kuphulika, monga zimachitikira ndi sitiroko ndi kuthamanga kwa magazi kosasamalidwa, mbali ya ubongo imafa ndi njala ya magazi. Kumwa kachasu ndi mowa wina mopitirira kwa zaka zambiri kumawononga ubongo. Kachilombo ka HIV kakapanda kugonjetsedwa ndi mankhwala kamathanso kufika ku ubongo.

Matendawa si a kuno kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi dimenshiya, oposa 60 mwa 100 alionse akukhala m'mayiko osalemera ngati lathuli, ndipo chaka chilichonse pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Amagwira aphunzitsi, mafumu, alimi ndi atsogoleri a mayiko. Ronald Reagan, amene anali pulezidenti wa dziko la America, analengeza yekha mu 1994 kuti ali ndi matenda a Alzheimer. Palibe amene anamulodza, ndipo iye sanalodze munthu.

Mankhwala ochiritsiratu matenda a Alzheimer sanapezeke, komabe kupita kuchipatala n'kofunika kwambiri, chifukwa pali zinthu zina zofanana ndi dimenshiya zimene zimachizika: kuchepa kwa mavitamini ena m'thupi, vuto la chithokomiro, matenda a nkhawa ndi chisoni chachikulu, ngakhalenso kusamva bwino. Ndipo ngati agogo amene dzulo anali bwino asokonekera lero, tisadikire. Kusokonekera kwadzidzidzi kumabwera ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena sitiroko, ndipo kumafunika chipatala tsiku lomwelo. Mu Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh anatilamula kuti tikadwala tipite kwa madokotala odziwa bwino ntchito yawo. Kutengera agogo ku Kabudula, ku St Gabriel ku Namitete, kapena kuchipatala chaching'ono chimene tili nacho pafupi, n'kumvera lamulo limeneli.

Mafunso: Kodi kudziwa kuti matendawa amaoneka ndi maso mu ubongo kukusintha bwanji mmene timaonera munthu wodwalayo? Ndi kusokonekera kotani kumene sikuyenera kugona pakhomo?

GAWO 3: CHIFUKWA CHAKE ZAKALE ZIMATSALA

M'kati mwa ubongo, chakumbali zonse ziwiri pafupi ndi makutu, muli kachigawo kakang'ono kamene madokotala amakatchula kuti hippocampus. Ntchito yake ikufanana ndi ya mlembi wa a nyakwawa. Chilichonse chatsopano chikachitika, iye ndiye amachilemba m'kaundula kuti chisungike. Matenda a Alzheimer amayambira pafupi ndi pamenepa. Mlembi akadwala, zatsopano sizilembedwanso, koma masamba akale a kaundula amakhala alipo. N'chifukwa chake agogo sakumbukira nsima ya masana. Sikuti akukana kukumbukira. Nkhaniyo sinalembedwe n'komwe. Tikawakalipira kuti “Tinakuuzani kale!” tikuwafunsa tsamba limene kulibe.

Zakale zimalimba chifukwa munthu wazikumbukira ndi kuzifotokoza kambirimbiri, mpaka zinakhazikika m'mbali zambiri za ubongo. Njira ya kuchitsime imene mudzi wayendamo zaka 40 siimera udzu msanga, pamene kanjira kodulidwa sabata yatha kamatsekeka ndi mvula imodzi. Katswiri wina wa ku France, Théodule Ribot, analemba zimenezi mu 1881, kuti kuiwala kumayambira pa zatsopano n'kumabwerera m'mbuyo.

Ofufuza apezanso kuti munthu wachikulire amakumbukira kwambiri zimene zinamuchitikira ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30, nthawi ya chinamwali, ukwati, mwana woyamba ndi ntchito yoyamba. Taganizirani agogo obadwa mu 1945. Zaka zawo zolimba m'maganizo ndi za 1955 mpaka 1975. M'zaka zimenezo dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashileni mu 1971, ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri obwerera ku migodi, ndipo likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Matenda akafufuta zaka za pambuyo pake, agogo amatsala akukhala m'zaka zimenezo. M'maganizo mwawo ana akadali aang'ono ndipo amayi awo ali moyo. Akaona mayi wa imvi akuwapatsa phala, sangaganize kuti ndi mwana wawo, poti mwana wawo ndi kamtsikana koyenda ndi chidole kumsana. Amamutcha amayi chifukwa ndi munthu wamkulu amene akuwakonda ndi kuwadyetsa. Dzina alakwitsa, koma chikondi achizindikira.

Matenda akakula, zakale zomwe zimayamba kuthothoka. Nkhani imatsala mutu wokha, tsatanetsatane atapita, ndipo pamapeto ngakhale mawu amasowa. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimachedwa kuchoka. Choyamba ndi luso la manja ndi nyimbo, chifukwa zimasungika m'mbali zina za ubongo. Mayi amene waiwala dzina la mudzi wake amapetabe ufa ndi lichero osataya, bambo amalukabe mphasa, ndipo nyimbo ya kutchalitchi kapena ya pamtondo imene anaiphunzira ali mwana amaimba mpaka kumapeto. Chachiwiri ndi zimene mtima wamva. Mu 2014 ofufuza a pa yunivesite ya Iowa ku America anaonetsa odwala matenda a Alzheimer mafilimu osangalatsa ndi ena omvetsa chisoni. Patapita kanthawi ambiri sanakumbukire bwino zimene anaonera, ena anaiwaliratu, koma chimwemwe kapena chisoni chinatsalabe mwa iwo. Tanthauzo lake kwa ife ndi lalikulu. Tikawazazira, adzaiwala mawu athu koma adzakhala ndi mantha osadziwa gwero lake. Tikawachezera mwachikondi, adzaiwala kuti tinabwera, koma mtendere udzagona nawo.

Mafunso: Kodi tingamuyankhe bwanji munthu amene akuti agogo akuchita dala? Ngati agogo adzaiwala kuti tinawachezera, n'chifukwa chiyani tiyenera kupitabe?

GAWO 4: KODI MUNTHUYO WATAYIKA?

Auguste Deter uja, polephera kulemba dzina lake, anauza dokotala kuti akuona ngati wadzitaya yekha. Mabanja ambiri amanena zofanana: “Amayi athu anapita kale, chatsala ndi thupi.” Ululu wa mawu amenewa ndi weniweni, ndipo tisaupeputse. Kulira munthu amene akadali moyo n'kowawa kuposa mmene ambiri amaganizira. Koma kodi n'zoona kuti munthu ndi zimene akukumbukira basi?

Funso lofanana ndi limeneli linafunsidwa kwa Bahá'u'lláh. Wofunsayo anadabwa kuti, ngati kukomoka kapena kudwala kwambiri kumachotsa nzeru za munthu, zingatheke bwanji kuti imfa, imene imawononga thupi lonse, isiye munthuyo akudzizindikira. Poyankha, Bahá'u'lláh anaphunzitsa kuti mzimu uli pamwamba pa zofooka zonse za thupi ndi za maganizo, ndipo sizingaukhudze. Kufooka kumene timaona mwa wodwala kumabwera chifukwa cha zotchinga zimene zalowa pakati pa mzimu ndi thupi. Anayerekeza ndi dzuwa limene labisika kuseri kwa mitambo. Ife pansi pano timaona mdima, koma dzuwalo silinachepe.

'Abdu'l-Bahá, pa zokambirana zimene anachita ku 'Akká pakati pa 1904 ndi 1906, zaka zomwezo zimene mayi uja ankadwala ku Frankfurt, anafotokoza kuti mzimu sulowa m'thupi monga madzi amalowera mu mtsuko. Ubale wake ndi thupi uli ngati wa dzuwa ndi kalilole. Kalilole akachita dzimbiri kapena kusweka, kuwala sikuonekanso mwa iye, koma dzuwa silivulala. Ifenso tili ndi chitsanzo m'nyumba zathu. Mabatire a wailesi akamatha, mawu amanong'ona, amadukaduka, kenako zii. Palibe amene amathamangira ku MBC kukapepesa kuti muulutsi wadwala. Chafooka ndi chida.

Apa sayansi ndi chikhulupiriro sizikutsutsana. Sayansi ikutiuza zoona za chida: timaselo tikufa, ndipo pemphero silichotsa kufunika kwa chipatala. Chikhulupiriro chikutiuza zoona za mwini chidacho: ndi mzimu wolengedwa ndi Mulungu, umene ulendo wake sunathe. Tinaphunzira kuti mwana ali m'mimba amamera maso ndi miyendo zimene adzazigwiritse ntchito akabadwa, ndipo chimodzimodzinso m'dziko lino timamera makhalidwe auzimu amene tidzawafune m'dziko likudzalo. Kuleza mtima kumene agogo anaphunzira polera ana amasiye, kuwolowa manja kumene anaonetsa pa njala ya 2002 pogawana kaufa kochepa, chikhulupiriro chimene anagwira poika ana awo m'manda, zonsezi ndi chuma cha mzimu. Matenda sangazifumbwe. Malemba athu amatitsimikizira kuti mzimu ukamasuka ku thupi umadzizindikira, umadziwa zimene unachita, ndipo umazindikira okondedwa ake. Mbiri imene yasowa mu ubongo sinasowe pamaso pa Mulungu.

N'chifukwa chake agogo amene anali ofatsa akayamba kutukwana, tisanene kuti khalidwe lawo lenileni laululika. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imagwira lilime ndi kuletsa mkwiyo, ndiyo yawonongeka. Ndipo akaiwala pemphero, tisawalemetse. Bahá'u'lláh anamasula odwala ndi okalamba amene afika zaka 70 ku lamulo la kusala kudya ndi la pemphero lokakamizidwa la tsiku ndi tsiku. Ngati Mulungu wawapeputsira katundu, ife ndife yani kuti tiwasenzetse?

Mafunso: Fotokozani m'mawu anuanu chitsanzo cha dzuwa ndi mitambo. Kodi ndi makhalidwe ati abwino amene mukuwadziwa mwa munthu wokalamba wa kwanu, amene matenda sangawachotse?

GAWO 5: LILIME LA MUDZI

Tsopano tifike pa chinthu chimene chimaika moyo pangozi. Odwala dimenshiya ambiri amasokonekera kwambiri madzulo ndi usiku. Amadzuka pakati pa usiku poganiza kuti kwacha, amatuluka, amasochera. M'bandakucha amapezeka kuseri kwa nyumba ya eni, m'chigafa cha fodya, kapena pafupi ndi manda, mwina atavula chifukwa aiwala kavalidwe. Akafunsidwa kumene achokera, amatchula mudzi wakutali ndi anthu amene anamwalira kalekale. Gulu likawazungulira n'kumakuwa kuti “Vomerani!” amavomera chilichonse, chifukwa cha mantha ndi kusamvetsa funso. Tonse tikudziwa dzina limene munthu wotere amapatsidwa, ndipo tikudziwa zimene zimatsatira.

Mu January 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Bungwe la MANEPO, limene limayankhulira anthu achikulire, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za kuphedwa ndi kuzunzidwa kwa okalamba pa nkhani zotere. Ngati mphekesera imatha kupha wokalamba amene angathe kudziyankhira, kuli bwanji amene sakudziwa n'komwe dzina la mudzi umene aimamo?

Malamulo a dziko lathu ali kumbali ya agogo. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire ku nkhanza ndi kusalidwa. Koma apolisi amafika mochedwa pamene lilime lafika kale. Moto umenewu umayamba ndi manong'onong'o pachitsime, pachigayo ndi pamaliro. Bahá'u'lláh analetsa miseche ndi kunamizira ena, ndipo anaziika pamndandanda umodzi ndi machimo aakulu. Anatiphunzitsanso kufufuza choonadi ndi maso athu, osati ndi maso a anzathu. Choncho Mbahá'í sangamvetsere nkhani yotere n'kungokhala chete ngati kuti sizikumukhudza. Ayenera kunena modekha koma mosabisa kuti, “Agogowa akudwala. Matenda awo ali ndi dzina, ndipo kuchipatala amawadziwa.”

Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kwa zaka zambiri agogowa ndiwo ankazimitsa mikangano yathu. Lero moto ukalunjika kwa iwo, dambo likhale ife. Anatinso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene tikuwerenga kapepala kano, Mulungu akatipatsa masiku, ena a ife tidzakhala agogo osochera aja, ndipo tidzagona kapena kufa malinga ndi zimene taphunzitsa mudzi lero.

Mafunso: Mutamva phokoso m'mawa kuti pakhomo pena papezeka nkhalamba yosadziwika, mungachite chiyani choyamba, ndipo mungaitane yani? Kodi kumvetsera miseche mwakachetechete kumasiyana bwanji ndi kuinena?

GAWO 6: NTCHITO IMENE TINGAGWIRE

Maphunziro athu sathera pa kuwerenga. Amatitsogolera ku utumiki. Munthu akalephera kuyenda timamunyamula. Akalephera kukumbukira, timukumbukire. Nazi njira zina zoti tikambirane.

Tisunge mbiri yawo nthawi ikadalipo. Achinyamata a m'magulu athu angathe kukhala ndi agogo, kope ndi cholembera m'manja kapena foni yojambula mawu, n'kufunsa kumene anabadwira, mfunda wawo, mayina a makolo ndi malume awo, malire a minda, nyimbo zimene ankakonda, ndi zimene anaona pa moyo wawo. Tisadikire kuti adwale. Tsiku limene adzaiwale, mdzukulu adzawawerengera mbiri yawo, ndipo ngakhale asaizindikire yonse, adzamva kuti ali pakati pa anthu owadziwa.

Tisinthe kalankhulidwe. Tisawayese mayeso powafunsa kuti, “Ine ndine yani?” Tifike kutsogolo kwawo, tikhale pansi, tipereke moni mwaulemu, n'kudzitchula tokha: “Agogo, ndine mdzukulu wanu, mwana wa achemwali.” Tilankhule chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tisamawanene iwo ali pomwepo ngati kuti palibe munthu. Akati ndalama zabedwa, kukangana sikuthandiza, tinene kuti, “Tiyeni tifunefune limodzi.”

Pali funso lovuta kwa ife amene timakhulupirira kuti kunena zoona ndi maziko a makhalidwe onse abwino. Agogo akafunsa kuti amuna awo ali kuti, pamene anamwalira zaka 20 zapitazo, tinene chiyani? Tikati anamwalira, amalira ngati uthenga wafika lero, ndipo mawa adzafunsanso. Tikati apita kumsika, tanama. Pali njira ina. Tingayankhe kusowa kumene kuli kuseri kwa funsolo: “Mwawasowa eti? Tatiuzani, munakumana kuti?” Nthawi zambiri nkhope imawala, nkhani imayamba, ndipo palibe bodza limene lanenedwa. Akaumirira kudziwa, tiwauze zoona mofatsa, titawagwira dzanja, ndipo tikhale nawo mpaka mtima utsike.

Tiwapatse ntchito imene manja awo akuidziwa, monga kutongola chimanga, kusenda mtedza, kusankha nyemba. Tiimbe nawo. Pa misonkhano yathu ya mapemphero tiwaitane, kaya ndi a mpingo uti, ndipo tiwalole ayambitse nyimbo imene akuidziwa.

Titeteze pakhomo. Mankhwala a fodya ndi osungira chimanga atalikirane ndi chakudya. Asatsale okha ndi moto kapena mbaula, ndipo chitsime chivindikiridwe. Tisoke kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni m'chovala chawo. Koposa zonse, banja lidziwitse a nyakwawa, apolisi a m'mudzi, mlangizi wa zaumoyo ndi midzi yoyandikana nayo usiku woipa usanafike. Mudzi wodziwa umabweza agogo kwawo ndi chitenje chowafunditsa. Kuwamanga chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba tsiku lonse ndi nkhanza, ndipo kumawonjezera mantha awo.

Tisamalire wosamalira. Kawirikawiri mtolowu umagwera mayi mmodzi kapena mtsikana amene amasiyira sukulu panjira. Mutu umodzi susenza denga. Ife amene timaphunzitsa kuti amuna ndi akazi ndi ofanana tionetse zimenezi pa mphasa ya wodwala: ana aamuna nawonso agone pafupi, asambitse abambo awo, aperekeze kuchipatala. Gulu lathu lingagawane masiku, kuti wosamalirayo apite kumunda, kumsika, kapena angogona tulo. Wosamalira akapsa mtima chifukwa cha kutopa, akufunika dzanja, osati chiweruzo. Ngati banja lagawanika pa nkhaniyi, likhale pansi likambirane, ndipo Bungwe Lauzimu lingathandize.

Pomaliza, tisamalire ubongo wathu. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula zinthu 14 zimene, zitapewedwa, zingachepetse kapena kuchedwetsa pafupifupi 45 mwa 100 alionse a matendawa. Zambiri zili m'manja mwathu: kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga n'kumamwa mankhwala mokhulupirika, kusiya kusuta ndi mowa, kuvala chipewa choteteza mutu pa njinga yamoto, kuchiza makutu ndi ng'ala, kuchepetsa utsi umene timapuma, kusakhala patokha, ndi kusunga ana pasukulu. Mtsikana amene tamubwezera m'kalasi lero tikumuteteza mpaka ku ukalamba wake.

Mafunso: Ndi makomo angati m'dera lathu amene akusamalira munthu wotere? Ndani apite kukawachezera sabata ino, ndipo adzatenge chiyani? Ndi agogo ati amene tiyambe kulemba mbiri yawo?

Abwenzi, tisanabalalike tigwirizane tsiku ndi mayina a amene apite, ndipo tikadzakumananso tidzayambe ndi kumva zimene aphunzira kumeneko. Pa 21 September dziko lonse limakumbukira matenda a Alzheimer, ndipo pa 1 October limakumbukira anthu achikulire. Tingapemphe a nyakwawa kuti pa limodzi la masiku amenewa tidzawerenge kapepala kano pabwalo, pamodzi ndi a mipingo ina ndi mlangizi wa zaumoyo. Tsopano titseke ndi mapemphero. Mmodzi anene pemphero la machiritso, wina anene pemphero lopempherera makolo, ndipo m'mitima mwathu titchule mayina a agogo amene sakuthanso kutchula athu.